Njinga ya Bambo Trywell: Zimene Tinaona mu Filimu ya ku Kasungu

Tiyambe ndi kuomba m'manja kwa mwini dziko, Kalonga Gawa Undi, amene tonsefe tasonkhana pansi pa mapiko ake. Ulemu upitenso kwa amayi athu a Nyangu, kwa mafumu akuluakulu ndi aang'ono amene mwachokera ku Malawi, ku Mozambique ndi kuno ku Zambia, kwa nduna za kubwalo, anamkungwi, akuluakulu a boma ndi a mipingo, ndiponso kwa inu nonse alendo athu amene mwapirira fumbi la mwezi wa Ogasiti kuti mudzakhale nafe pano pa Mkaika. Zikomo, zikomo kwambiri.

Anzathu a m'komiti atatipempha kuti tilankhulepo, tikhulupirira anayembekezera kuti tidzasimba za ulendo wa makolo athu kuchokera ku Uluba, kapena za m'mene mwambo uno wa Kulamba unaletsedwera ndi atsamunda mu 1934 mpaka pamene malemu Kalonga Gawa Undi X anaudzutsanso mu 1984. Nkhani zimenezo zili ndi eni ake amene amazidziwa kuposa ife, ndipo mudzazipeza pa masamba ena a kabuku kano. Ife tasankha kukamba za filimu. Tikudziwa kuti ena mwakwinya kale nkhope, mukuti kodi akulu a imvi, opuma pa ntchito ya boma, nkukamba za kanema ngati anyamata a pamsika? Tipirireni pang'ono.

Ife a msinkhu wathu tinakula ndi bayisikopo ya pagalimoto. A Zambia Information Services ankafika madzulo, nkupachika chinsalu pa khoma la sukulu, mudzi wonse nkukhala pansi. Tinkaona mizinda ya anthu ena, nkhondo za anthu ena, ndi alangizi otiphunzitsa kuthira feteleza. Koma munthu wovala ngati amalume athu, wolira maliro monga tilirira ife, wodya nsima ndi nkhwani, sitinkamuona ali mwini nkhani. Nchifukwa chake pamene adzukulu anatikhazika pansi tsiku lina nkutionetsa pa kompyuta filimu yotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, ndiye kuti mnyamata amene anagwira mphepo naigwiritsa ntchito, tinakhala chete mpaka kumapeto, ndipo m'mawa mwake tinapempha kuti ationetsenso.

Filimuyi inatuluka mu 2019. Anaikonza ndi Chiwetel Ejiofor, katswiri wa zisudzo wa ku London amene makolo ake ndi a ku Nigeria, ndipo iye yemweyo ndiye akusewera ngati bambo wa m'nyumbamo. Nkhani yake inachokera m'buku limene William Kamkwamba analemba pamodzi ndi Bryan Mealer mu 2009. William ndi mwana wathu, Mchewa wa m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe, m'boma la Kasungu, wobadwa mu 1987. Anaijambula ku Kasungu komweko, ndipo mbali yaikulu ya zolankhula ili m'Chichewa. Tivomere pano kuti Chichewa chake nchopunduka m'malo ena. Mnyamata wosewera ngati William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Wosewera ngati mayi, Aïssa Maïga, anakulira ku France. Ndipo pali mau ena amene akatuluka m'kamwa mwao adzukulu athu amagwa ndi phwete. Khutu limapumako akamalankhula Lily Banda, woimba wa ku Malawi amene akusewera ngati Annie, mlongo wake wa William. Komabe ife sitinaseke kwambiri. Munthu wa ku London akatuluka thukuta kuphunzira chilankhulo chimene ana athu ena ku Lusaka amachita nacho manyazi, tiyenera kumuombera m'manja tisanamukonze lilime.

Anthu ambiri akamasimba filimuyi amathamangira ku makina a mphepo aja. Amati mnyamata anachotsedwa sukulu chifukwa chosowa fizi, anawerenga buku la sayansi, anatola zitsulo zotayidwa, napanga makina amene anapulumutsa mudzi. Zimenezo zilimo ndithu, koma makinawo amangoonekera kumapeto. Filimuyi anaigawa m'zigawo zisanu zokhala ndi mitu ya Chichewa: Kufesa, Kukula, Kukolola, Njala, Mphepo. Mwa zisanuzo, zinayi zikunena za banja ndi mudzi pamene chakudya chikutha. Kumeneko ndiko ife tikufuna tikhalitseko.

Nkhani ikuyamba ndi maliro. Mkulu wake wa bambo Trywell, dzina lake John, wagwa m'munda nkumwalira. Kumanda kuli atsogoleri a mpingo ndi nyimbo zao, kenaka Gule Wamkulu akutulukira kudzaperekeza malemu. Za kudambwe sitikamba pa bwalo ngati lino, ndipo tikudziwa kuti alipo akuluakulu amene mtima suwakhala m'malo akaona zilombo zikujambulidwa. Nkhawa yao ndi yomveka. Koma tinene zimene tinaona: Gule m'filimuyi sanamuike ngati choseketsa alendo kapena choopseza ana. Akubwera pa nthawi yake, pa maliro, ndipo akubweranso chakumapeto pamene mudzi wataya mfumu yake. Dziko lapansi, kudzera ku bungwe la UNESCO, linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse. Koma pepala la UNESCO silionetsa munthu wa kutali chifukwa chimene Gule amabwerera pa maliro. Filimuyi yaonetsako pang'ono: kuti mudzi wa Achewa suwerengedwa ndi amoyo okha.

Maliro atatha, munda wa John ukupita kwa mwana wake Jeremiah, osati kwa mng'ono wake Trywell amene ankalima naye. Apa ife tinayang'anana. Pa mwambo wakale wa mbumba, nkhani ya munda sikanatha popanda atsibweni, ndipo mwana wa mlongo akanakhala ndi mau. M'filimu yonseyi atsibweni a William sakuoneka. Nyumba ya Trywell yaima yokha, bambo, mayi ndi ana, ngati mabanja a m'tauni. Kaya okonza filimu sanaudziwe mwambowo, kaya anangojambula m'mene zinthu zasinthira m'madera ambiri kumene chitengwa ndi ulimi wa fodya zinasuntha miyambo, chimene tikuona nchakuti njala itafika panalibe mwini mbumba woti athamangireko. Timati chibale ndi fupa, sichiola. Nzoona, koma fupa likakhala kutali siligwira thupi.

Tsopano tifike pa mitengo. Anthu a esiteti ya fodya akubwera m'mudzi ndi ndalama m'manja kudzagula mitengo yootchera fodya wao. Mfumu Wimbe ikuchenjeza kuti mitengoyo ndiyo imatchinga madzi mvula ikachuluka. Anthu akumva, koma m'matumba mulibe kanthu, ndipo Jeremiah ali m'gulu la osaina. Sitingamutukwane mnyamatayo. Aliyense wa ife amene wayenda pa msewu wa Great East kuchokera ku Sinda kudzafika ku Katete waona matumba a makala ali ndandanda, ndipo amene amaotcha makalawo si alendo ai, ndi ana athu ofuna ndalama ya sopo ndi ya yunifomu. Ogula ndi ife tomwe, makamaka m'chaka cha 2024 pamene madzi anatsika ku Kariba magetsi nkumazima usana ndi usiku. M'filimumo mvula ikubwera yoononga, madzi akusefukira m'minda yopanda chotchinga, kenaka ikudukiratu, chimanga nkuuma chisanakhwime. Mau a akulu akoma akagonera, koma pogonerapo nkhokwe inali itayera kale.

Malo amene anatigwira mtima koposa ndi msonkhano wa mtsogoleri wa dziko. Pulezidenti wabwera kwa Wimbe, amayi avala nsalu za chipani, nyimbo zikuimbidwa. Mfumu ikupatsidwa mpata woti ilankhule, ndipo onse akuyembekeza mau oyamika. Iyo ikuyamikadi pang'ono, kenaka ikunena poyera kuti njala ikubwera, ndipo boma likonzeke kuthandiza anthu ngati likufuna mavoti ao. Asanathe anthu kuomba m'manja, anyamata a chitetezo akuitengera kuseri nkuimenya mpaka kuisiya ili thapsa. Kuchokera pamenepo thanzi lake silinabwererenso. William m'buku lake akunena kuti kumenyedwa kwa mfumuyo kunachitikadi, pa msonkhano wa Pulezidenti Bakili Muluzi. Mbiri ikutiuzanso kuti chimanga cha m'nkhokwe za dziko la Malawi, matani oposa 150,000, chinali chitagulitsidwa njala isanafike, boma ndi bungwe la IMF nkumalozana zala za amene analakwa, ndi kuti boma linadzavomera kuti dziko lili pa tsoka mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa.

Mafumu athu, tikhululukireni tikakhalitsa pamenepa, pakuti mpomwe filimuyi ikukhudza mwambo umene watisonkhanitsa. Kulamba si magule ndi mphatso zokha. Mafumu oposa 200 a m'maiko atatu ali pansi pa Kalonga, ndipo mfumu ikagwada pamaso pake imabwera kudzanena m'mene anthu ake agonera: ngati kuli mtendere, ngati kuli matenda, ngati nkhokwe zadzaza kapena zili pululu. Makolo athu anaika mwambo umenewu podziwa kuti wokhala pampando waukulu saona m'mphika wa mkazi wamasiye. Chimene mfumu Wimbe inachita pamaso pa pulezidenti ndicho kulamba kwenikweni, kungoti inalamba pa bwalo losafuna kumva.

Ifenso tili ndi mlandu wathu pa nkhani imeneyi, ndipo tiuvomere pamaso panu. Amene tinagwira ntchito m'maofesi a boma tikudziwa m'mene lipoti limasinthira likamakwera makwerero. Nyakwawa imati anthu akudya gaga ndi mizu. Kalaliki amalemba kuti chakudya chachepa. Wa pamwamba pake amalemba kuti zinthu zikuyang'aniridwa. Likamafika ku likulu, lipotilo lanenepa, pamene anthu ake aonda. M'chilala cha 1992, chaka cha chimanga chachikasu chija, ena a ife tinali ndi mabuku a maina m'manja. Tikukumbukira nyakwawa ina yokalamba imene inayenda mtunda wautali pa njinga kudzatiuza kuti m'mudzi mwake mabanja angapo sanalembedwe. Tinaiuza kuti buku latsekedwa, ibwere mwezi wamawa. Inakhala pakhonde la ofesi tsiku lonse osadya kanthu, osakweza mau, mpaka manyazi anatigwira tinatsegula bukulo. Sitinaimenye monga anachitira anyamata a m'filimu aja, koma titaona mfumu Wimbe ili pansi, nkhope imene inatibwerera ndi ya nyakwawa ija.

Chigawo cha Njala nchovuta kuchionera, makamaka kwa amene anaionapo njala ndi maso. Bambo Trywell apita ku msonkhano wa ndale poganiza kuti kusintha boma ndiko kudzabweretse chakudya, ndipo iwo ali konko anthu anjala akulowa pakhomo nkukokolola chimanga chotsala. Wakubayo sakuoneka ngati chigawenga. Ndi munthu wofooka, wa maso olowa, amene chaka chapitacho mukanamupatsa mpando. William akutumidwa ndi ndalama zotsiriza ku msika wa ADMARC kumene anthu akupondana pa mzere. Banja likugwirizana zodya kamodzi pa tsiku. Galu wa William, Khamba, amene ankamutsata kulikonse, akufa ndi njala. Ena amadabwa kuti filimu ya anthu akufa ikutaya nthawi pa galu. Ife sitinadabwe. Pakhomo pakasowa ngakhale mkute woponyera galu, mwana amadziwa kuti zinthu zafika pena, ngakhale akulu akumubisira.

M'chigawo chomwechi muli amayi Agnes, ndipo tikupempha amayi athu a Chichewa amene muli pano kuti mukaionere filimuyi chifukwa cha iwo. Mayi ameneyu ndi mwamuna wake analonjezana pokwatirana kuti ana ao adzapita kusukulu, sadzakhala ongoyang'ana kumwamba kudikira mvula. Koma sukulu itayamba kubweza ana osalipira, iye akupita kwa mphunzitsi wamkulu nkumukumbutsa kuti makolo akale, ngakhale analibe sukulu, ankapulumuka chifukwa ankagwirana manja. Funso lake ndi lakuti, nanga ife a masiku ano tidzagwirana liti? Tsono onani: si gogo wa kumudzi amene akunena zimenezi, koma mayi wokonda maphunziro, amene wazindikira kuti chatsopano chafika chisanakhwime pamene chakale chatayidwa kale. Ambiri a ife amene tinapita kusukulu zaka za m'ma 1970 tili pa mphambano yomweyo. Tinaphunzira kulemba makalata a Chingerezi, koma nkhokwe ya mfumu, dima, ndi mwambo wotumiza lichero la ufa kwa mnansi wodwala tinazisiya m'mbuyo, poganiza kuti boma ndi malipiro a pamwezi zidzalowa m'malo mwake.

Nanga za kukonda kwanu? Pamenepa filimuyi sikupereka yankho lophweka, ndipo tikuiyamika chifukwa cha chimenecho. Njala itakula, anthu akuyamba kuchoka. Anyamata anzake a William akunyamuka kukafuna moyo kwina. Annie, mtsikana wanzeru amene ankayembekeza kupitiriza maphunziro, akuthawa usiku ndi mphunzitsi amene anali naye pa chibwenzi, nkusiya kalata yonena kuti pakhomo pachepako pakamwa pamodzi. Mayi ake akulira ngati pagwa maliro. Mwa mwambo wathu, mtsikana wochoka chotero, popanda ankhoswe, wachititsa manyazi mbumba yonse, ndipo sitikuuza ana athu kuti atengere chitsanzo. Koma taonani chimene anasiya: dayinamo ya pa njinga ya mphunzitsiyo, kachipangizo kamene kamayatsa nyale gudumu likamazungulira, kamene mlongo wake anakhala akukapempha. Popanda kachipangizoko makina a mphepo sakanatheka. Ndani tsono anakonda kwao koposa, amene anatsala kapena amene anachoka?

Ife Achewa funso limeneli si lachilendo. Agogo athu anayenda pansi kupita ku Harare, ku Bulawayo ndi ku migodi ya Johannesburg. Abambo athu anakwera malole kupita ku Kitwe ndi ku Luanshya. Ena anabwerako ndi njinga ndi malata, ena anasanduka matchona. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, abale athu a ku Tete anawoloka malire, ena nkukhala ku Ukwimi m'boma la Petauke, ena nkungolowa m'midzi ya abale ao popanda wofunsa chitupa. Mu njala ya 2002 imene filimuyi ikusimba, ife a m'malire, ku Vubwi ndi ku Chadiza, tinalandira anthu ofuna ganyu wolipidwa chimanga, olankhula chilankhulo chathu chomwechi, ena a mfunda wa Phiri, ena a Banda, ena a Mwale. Sitinganame kuti onse tinawalandira bwino. Alipo amene anawalimitsa ndime yaikulu pa kambale ka gaga. Mwambi umati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma munthu amene wachoka kuti ana ake asafe sanaiwale kwao, ndipo ife amene tikukhala mbali ino ya mzere wa atsamunda tikumbukire kuti kwa Mchewa Kasungu, Katete ndi Angónia ndi khomo limodzi.

Tsopano njinga ija. William wapanga kamakina kakang'ono koyesera ndipo kakuyatsa wailesi. Akupita kwa bambo ake kukapempha njinga yao kuti aidule, apangire makina aakulu opopa madzi pa chitsime, anthu alime m'chilimwe. Bambo Trywell akupsa mtima koopsa, akuphwanya kamakinako, nkumupatsa khasu kuti akalime nthaka youma gwa. Achinyamata akaona pamenepa amati bamboyo ndi wankhanza ndi wosaphunzira. Ife amene tinakulira m'mudzi tinamumvetsa. Njinga pakhomo la mlimi ndi galimoto, ndi ambulansi, ndi ngolo yopita kuchigayo. Munthu amene wataya mkulu wake, munda, zokolola ndi mwana wamkazi, chatsala chomutcha bambo ndi njinga yokhayo. Ndiye kamwana ka zaka 14 kakuti tiidule ndi sowo chifukwa ka zimene kawerenga m'buku la azungu! Ndani wa ife akanavomera tsiku loyamba?

Amene akutembenuza mtima wa bamboyo ndi mkazi wake. Amayi Agnes sakukamba za sayansi. Akungomuwerengera mwamuna wao zonse zimene ataya pomutsatira iye, nkumufunsa kuti kutayaku kudzatha liti. Ndipo bambo uja, amene mudzi wonse ukumudziwa kuti ndi wouma mutu, akukankha njinga yake kupita nayo kwa mwana wake. Kwa ife pamenepo ndiye pachimake pa filimuyi, osati pamene madzi akutuluka. Kupereka mbeu kwa mnansi nkovuta, koma kuvomera pamaso pa anthu kuti mwana wako waona chimene iwe sunaone nkovuta koposa. Mwambo wathu umaphunzitsa mwana kugwada pamaso pa akulu, ndipo ndi mwambo wabwino umene anamkungwi asauleke. Koma sitikumbukira kuti pali pamene timaphunzitsa akulu kumvera mwana. Mutu umodzi susenza denga timanena kawirikawiri, tikuganiza za mitu ya imvi yokhayokha.

Pomanga nsanja ya makinawo, otsala onse a m'mudzi akugwira nawo, wina mtengo, wina chingwe. Mphepo ikuomba, mapiko akuzungulira, madzi akuyenda m'ngalande kupita m'munda. Pano tiyenera kunena chilungamo, pakuti tinazolowera kusunga mabuku olondola: okonza filimu anafupikitsa nkhani kuti ikome. Makina oyamba amene William anapanga mu 2002, a mitengo ya bulugamu, mapaipi a pulasitiki, chopemerera injini ya thirakitala ndi njinga ya bambo ake, anali oyatsa magetsi m'nyumba mwao, ndipo sanathetse njala ya chaka chimenecho. Buku lotchedwa Using Energy analipeza m'kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe, ndipo anthu pomuona akutola zitsulo ankati wachita misala. Zopopa madzi zinadza pambuyo, nkhani yake itatuluka m'nyuzipepala ya Daily Times mu 2006 ndiponso atakalankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, anthu akufuna kwabwino nkumuthandiza. Njala ya 2002 inapha anthu, ndipo panalibe makina amene anawapulumutsa. Tikunena zimenezi kuti mwana wathu wina asaganize kuti tsoka limatha ndi nzeru za munthu mmodzi m'masabata awiri.

Koma mbali ina ya nkhani yeniyeniyo ndi yokoma kuposa filimu. M'filimu, William akuuza bambo ake kuti sakufuna kuwasiya okha, ndipo bamboyo akumuuza kuti apite kusukulu. Anapitadi: ku African Leadership Academy ku Johannesburg, kenaka ku Dartmouth College ku America kumene anamaliza mu 2014. Mwana wotere akanatha kusowa ngati matchona akale. Iye anathandiza kukhazikitsa bungwe la Moving Windmills mu 2008, limene lagwira ntchito za madzi, za magetsi a dzuwa ndi zomanga sukulu kwao ku Kasungu. Anachoka, koma mapazi ake sanaiwale njira ya kwa Wimbe. Inu ana athu a ku Lusaka, ku Lilongwe, ku Cape Town ndi kutsidya kwa nyanja amene mwabwera ndi magalimoto okongola, sitikukupemphani kuti musiye ntchito zanu mudzagwire khasu. Tikungofunsa ngati m'mudzi mwanu muli chitsime, chipinda cha sukulu kapena shelefu ya mabuku imene ingachitire umboni kuti munabadwirako.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za ku Malawi, za zaka zoposa makumi awiri zapitazo. Iai. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse la Zambia. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo chimanga cha pa mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi chinapserera. Mwezi wotsatira a ku Malawi analengeza chimodzimodzi m'maboma 23 mwa 28, chikhalirecho chaka chimodzi chokha chinali chitapita kuchokera pamene namondwe Freddy anakokolola midzi kum'mwera kwa dzikolo ndi ku Mozambique. Ambiri a inu munaona chimanga chikufota chitangomasula ngayaye. Zimene zili m'filimuyi, mitengo yogulitsidwa, mzere wa pa depoti, mwana wobwezedwa kusukulu, wachinyamata wonyamula chikwama usiku, tinazionanso m'midzi ya kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Kathumba ndi kwa Pembamoyo, kungoti panalibe wojambula.

Chotero tili ndi mapempho awiri kwa a komiti, ndipo tawalemba kale pa pepala monga mwa chizolowezi chathu cha ku ofesi. Loyamba, kuti chaka chamawa, usiku umodzi mwa masiku amene anthu amagona pano podikira tsiku lalikulu, papachikidwe chinsalu monga ankachitira a bayisikopo aja, filimuyi ionetsedwe kwaulere, akuluakulu a mwambo atayamba aiona ndi kuvomereza. Ana akhale kutsogolo, makolo kumbuyo, ndipo ikatha pasakhale zolankhula za akuluakulu. Anthu akakambirane okha ku misasa yao. Lachiwiri, kuti mwa ana athu amene aphunzira ntchito yojambula, apezeke woti ayambe kuyenda m'midzi ndi kamera, akhale pansi ndi agogo amene anaona njala ya 1949, ochepa amene atsala, ndi ife amene tinaona ya 1992 ndi ya 2002, tisimbe m'Chichewa chosapunduka zimene tinadya, amene anatithandiza, ndi amene tinawakaniza. Nyakwawa ija ya pakhonde inamwalira kalekale, ndipo palibe amene anaijambula ngakhale chithunzi chimodzi.

Tikumva ng'oma zayamba kuitana kuseriko, ndipo mafumu akudikira kuti alowe m'bwalo kukanena za kwao. Ife tikhale pansi timvere nawo.